"A admin, mwafufutiranji uthenga wanga?" Mafunso ndi mayankho pa malamulo a gulupu yathu ya WhatsApp ya Amalawi kuno ku Joni

Mafunso awa sitinawapeke. Ndi omwe mumatifunsa kumbali tsiku ndi tsiku, ena mwaulemu, ena mutapsa kale mtima, ena pakati pa usiku ngati kuti ma admin sagona. Tatopa kuyankha mmodzimmodzi, n'chifukwa chake tawaika pamodzi. Ma admin tilipo asanu: mlonda, telala, dalaivala wa lole, ndi awiri a ntchito za m'nyumba. Palibe amene amalandira ngakhale R1 pa ntchitoyi, ndipo data timagula ndi ndalama za m'thumba mwathu ngati wina aliyense. Wolemba ndine, mmodzi wa a ntchito za m'nyumba aja. Anzanga awerenga ndipo avomereza, kupatula pamene ndanena kuti awa ndi maganizo anga.

N'chifukwa chiyani munthu amaloledwa mauthenga atatu okha patsiku?

Chifukwa cha zomwe zinatigwera gulupu ino isanakhale ndi malamulo. Mnyamata wina anamwalira m'chipatala Lachisanu usiku. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi ku Tembisa analemba pa gulupu m'bandakucha, kufunsa ngati alipo wodziwa abale ake. Analemba kamodzi kokha, mizere iwiri, chifukwa data inali itangotsala pang'ono. Pofika 7 koloko uthenga uja unali utakwiririka ndi maluwa a "mwadzuka bwanji", mavesi, kanema wa mbuzi yovina, mkangano wa Bullets ndi Wanderers, komanso zithunzi 14 za nsapato zomwe mayi wina ankagulitsa, kuzitumiza chimodzichimodzi. Mlongo wake wa malemuyo anali pa gulupu pomwe pano, akugwira ntchito ku Rosettenville. Anatsegula foni pa nthawi ya nkhomaliro, anaona kuti mauthenga osawerenga adutsa 300, anangotsetsereka mpaka pansi n'kubweza foni m'thumba la epuloni. Za imfa ya mlongo wake anamva Lamlungu, kwa munthu wapadera amene anangofikira kumupepesa poganiza kuti akudziwa kale.

Gulupu ino tinaitsegulira zinthu ngati zimenezo: maliro, matenda, munthu wasowa, munthu watengedwa ndipo abale sakudziwa ngati ali kupolisi kapena wapita kale ku Lindela, komwe amasunga alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo. Zina zonse ndi zachilendo pano, zimakhala malinga ngati sizikutchinga njira. Mauthenga atatu amakwana kufunsa, kufotokoza pamene sipanamveke, ndi kuthokoza. Zithunzi zotumizidwa pamodzi nthawi imodzi timaziwerenga ngati uthenga umodzi. Banja lomwe laona zovuta lilibe malire pa nkhani ya malirowo.

Tinene poyera kuti WhatsApp ilibe batani lowerengera mauthenga a munthu. Timawerenga ndi maso, ndipo nthawi zina timaphonya. Ena anatiuza kuti tisamukire ku Telegram, komwe admin amatha kutchera kuti munthu akatumiza uthenga adikire kaye mphindi zingapo asanatumize wina. Zoona, koma anthu athu ambiri, makamaka akuluakulu, ali pa WhatsApp basi, ndipo sitingawasiye m'mbuyo chifukwa cha batani.

Kodi "Amen" kapena "RIP" zimawerengedwanso?

Inde. Dinani uthengawo osachotsa chala, musankhe kachizindikiro ka manja opemphera. Wolemba adzaona kuti mwamva, ndipo foni za ena sizilira. Chipepeso chenicheni chimapita kwa msungichuma, mawu achitonthozo apite kwa ofedwa kumbali. Anamfedwa safuna "RIP" 200, akufuna kudziwa kuti ndalama yonyamulira thupi yafika pati.

Mumatsekeranji gulupu usiku? Enafe timagwira ntchito usiku.

Timatseka 10 koloko usiku, timatsegula 5 koloko m'mawa. Nthawi imeneyi ma admin okha ndi amene angatumize. Achimwene athu a ulonda amadandaula kwambiri pa lamuloli, ndipo tikuwamvetsa, usiku wa pageti ndi wautali. Koma mikangano yonse yoipa yomwe tinakhala nayo inayamba usiku, makamaka Lachisanu la kumapeto kwa mwezi anthu atalandira. Munthu amene amadzuka 4 koloko kuti akaime pamzere wa taxi ku Bree asamadzuke n'kupeza mayi ake atatukwanidwa ndi munthu amene pofika m'mawa sakukumbukira n'komwe zomwe analemba.

Pakagwa zadzidzidzi usiku, imbirani admin wa ulonda uja, iye amakhala maso ndipo aika uthenga wanu nthawi yomweyo. Ngati moyo wa munthu uli pachiswe, yambani mwaimba 10111 kapena 112, gulupu pambuyo.

Mwafufutiranji uthenga wanga osandiuza?

Kuyambira mu 2022 WhatsApp inapereka mphamvu kwa ma admin yofufuta uthenga wa munthu wina kuti usaonekenso kwa aliyense. Pamalopo pamatsala dzina la admin amene wafufuta, choncho simufunika kulota kuti ndani, mufunseni iyeyo kumbali. Mphamvuyi imagwira ntchito kwa masiku awiri okha, ndiye sitingadikire kuti tikupezeni kaye mutaweruka.

Zomwe timafufuta osafunsa ndi zolaula, kutukwana, zithunzi za mitembo ndi anthu ovulala, chithunzi cha pasipoti ya munthu wina, kunyoza mtundu kapena chipembedzo, ndi mauthenga a "dinani apa mulandire data yaulere". Zina zonse timayamba takulemberani kuti mufufute nokha. Ambiri amafufuta bwinobwino nkhani n'kuthera pomwepo.

Nanga zithunzi za ngozi zalakwanji? Si njira yoti abale azindikire munthu wawo?

Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa ambiri amene amatumiza zithunzizi amakhala ndi mtima wabwino.

Kwathu uthenga wa maliro uli ndi njira yake. Amatuma munthu wamkulu, amafika pakhomo, amakhala pansi, amaitana eni mbumba, ndipo nthawi zambiri amayamba ndi kunena kuti matenda akula. Amayi a mwana sauzidwa ali okha, amayamba aitana anzawo kuti akhale nawo pafupi. Makolo sanachite zimenezi chifukwa chosowa chochita. Tsono taganizani chithunzi chochoka pano nthawi ya 9 koloko m'mawa. Pofika 9:10 chili pa gulupu ya mpingo ku Mangochi kapena ku Mzimba, poti nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzi ndipo anthu onse ali maso. Mdzukulu akuonetsa agogo ake foni, "taonani ngozi ya ku Joni", agogo aja n'kuzindikira malaya omwe mwana wawo anavala pa chithunzi cha Khirisimasi. Zoterezi zinachitika kwa banja lina lomwe tikulidziwa, ndipo chithunzicho chinachokera pano.

Pa 31 August 2023, nyumba ya Usindiso ku Marshalltown itapsa n'kupha anthu 76, Amalawi ena ali m'gulu la omwalirawo, tinatseka gulupu tsiku lonse. Ena anatinena kuti tikubisa nkhani. Sitinabise kanthu: aliyense wosowa m'bale wake ankatumiza dzina, mudzi ndi mfumu kwa admin, ife n'kumaika mndandanda umodzi wokonzedwa. Mndandanda wotero umathandiza kuposa kanema wa utsi ndi anthu akulira amene aliyense anali atamuona kale kasanu.

Ngati mwapeza munthu wovulala kapena womwalira amene simukumudziwa, lembani malo, nthawi, msinkhu wake, zovala, ndi chipatala kapena polisi komwe apita naye. Chithunzi chisungeni, mudzaonetse wachibale yekha akapezeka.

Ndinangofuna kuchenjeza abale kuti kukubwera zipolowe. Ndalakwa?

Kuchenjeza si kulakwa. Palibe pano amene angaseke munthu wamantha. Akuluakulu amene analipo mu May 2008, pamene ziwawa zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, mpaka lero amagona chikwama cha mapepala chili kumutu. Ena munaona masitolo akuphwanyidwa ku Jeppestown ndi ku Malvern mu September 2019, ndipo tonse tinaona zipolowe za mu July 2021. Mantha athu ali ndi pochokera.

Vuto ndi chenjezo lopanda mwini. "Akuti Lolemba alendo onse asatuluke." Akuti ndani? Lolemba liti? Uthenga womwewo umazungulira chaka ndi chaka, tsiku lokha n'kumasintha. Mu 2019 makanema ambiri omwe ankafalitsidwa ngati a ku Joni anali akale, ena a mayiko ena. Mtengo wa bodza lotero amalipira ndi munthu wa ganyu: sapita kuntchito, tsiku limenelo salandira, ndipo mawa lake amapeza bwana walemba wina. Kumudzi nako amayi sagona, akuwononga mayunitsi kuimba.

Choncho chenjezo liyankhe zinthu zitatu: kuti, liti, ndipo mwaona nokha kapena mwamva kwa yani. "Ndili pa Noord pano, 6:40, msewu watsekedwa, ma taxi akubwerera" ndi uthenga wagolide, ndipo suwerengedwa pa atatu aja. Koma uthenga wokhala ndi timivi tiwiri pamwamba, kusonyeza kuti wadutsa m'manja ambiri, uyambe wapita kwa admin. Eni ake a WhatsApp anaona vuto lomweli: mu 2019 analamula kuti uthenga uzipatsiridwa kumalo asanu okha nthawi imodzi, ndipo mu April 2020, mabodza a Covid-19 atachuluka, anati uthenga wa timivi tiwiri uzipita kumalo amodzi basi.

Chinanso, pochenjeza musanyoze eni dziko ngati mtundu. Ambiri pano ana awo ali ndi amalume a Chizulu kapena Chisotho, ndipo uthenga umodzi wonyoza ukajambulidwa n'kutuluka kunja, ovutika ndi Amalawi omwe sanaulembe.

Kodi n'zoona kuti zolemba pa gulupu zingamufikitse munthu kukhothi?

N'zoona. Lamulo la Cybercrimes Act la dziko lino, lomwe mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 December 2021, limaletsa uthenga wolimbikitsa anthu kuchita ziwawa kapena kuwononga katundu, uthenga woopseza munthu, ndi kufalitsa zithunzi zamaliseche za munthu iye asanavomere. Chilango chake ndi chindapusa, kapena ndende mpaka zaka zitatu, kapena zonse ziwiri. Ku Malawi nako kuli lamulo lake la mu 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, choncho musaganize kuti mukawoloka pa Mwanza kapena pa Dedza nkhani yatha.

Palinso mlandu woipitsa mbiri. Mu 2013 khothi lalikulu ku Pretoria linalamula mwamuna ndi mkazi wake kulipira R40,000 chifukwa cha zomwe mkaziyo analemba pa Facebook zonyoza mayi wina. Mwamunayo sanalembe kanthu, dzina lake linangolumikizidwa ku zolembazo ndipo iye anazisiya zili pomwepo. Ife tikawerenga nkhani imeneyo timadziona tokha: tili ndi batani lofufutira m'manja, taona chipongwe, tachisiya. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Sitikufuna kukayesera kukhothi kuti tione ngati mwambiwu umagwiranso ntchito ku Gauteng.

Transporter wandiponda katundu. Bwanji mukukana kuti ndiike chithunzi chake anthu amudziwe?

Funso ili ndi lomwe limatidanitsa ndi anthu kwambiri, ndipo ine ndemwe ndinapondedwapo, ndiye ululu wake ndikuudziwa. Ndinatumiza firiji ndi mabulangete awiri, kumudzi kunafika mabulangete okha. Miyezi itatu munthu akundiuza kuti galimoto yafera ku Tete. Chala changa chinafika pa chithunzi chake kangapo.

Komabe njira yathu ndi iyi. Bweretsani nkhani kwa ma admin ndi umboni: lisiti, mauthenga omwe munalemberana, tsiku lomwe munapereka katundu kapena ndalama. Timamuimbira winayo kuti timve mbali yake, monga zimakhalira pabwalo la mfumu, poti mlandu sagamula pomva mbali imodzi. Timamupatsa masiku 14. Nthawi zambiri zinthu zimatheka pamenepa, chifukwa munthu wa bizinesi amaopa kutaya makasitomala ake onse nthawi imodzi. Akakana kuyankha kapena akathawa, ma admin ndi amene amalengeza, m'mawu ochepa onena zomwe zatsimikizika zokha, popanda kutchula mkazi wake, ana ake, kapena nkhani ya mapepala ake.

Chifukwa chake n'chakuti tinayalutsapo munthu wosalakwa. Katundu anali atagwidwa pachipata chifukwa mwini wake sanapereke ndalama ya msonkho monga anapanganirana, koma pa gulupu dalaivala anali atatchedwa kale mbava ndi anthu 50. Tinapepesa, koma chithunzi chinali chitafika kale m'magulupu ena komwe kupepesa kwathu sikunafike.

Ngongole za pakati pa anthu awiri, za chibwenzi chomwe chatha, ndi za katapila sitizilowerera. Zimenezo zili ndi ankhoswe ake.

Malonda amaloledwa liti?

Loweruka lokha, uthenga umodzi pa munthu, mtengo ulembedwe. Usipa, ufa, nyemba, mpunga wa Kilombero, zitenje, malo m'galimoto yopita kumudzi, chipinda cha lendi, zonsezo n'zololedwa. "Mtengo bwerani kumbali" timafufuta.

Ntchito zimalengezedwa tsiku lililonse, koma yofuna kuti munthu ayambe walipira kuti alembedwe siloledwa, ndipo yoitana atsikana okhaokha popanda kunena malo ndi mtundu wa ntchito timayamba taifufuza. Wogulitsa ma permit, zidindo za pasipoti kapena mapepala ena aliwonse amachotsedwa tsiku lomwelo popanda chenjezo.

Ndale, mpira ndi mapemphero?

Nkhani ya kumudzi yokhudza tonse, monga kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kapena zosonkha za namondwe Freddy m'chaka chomwecho, ili ndi malo pano. Kampeni ilibe. Ndege itagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024 n'kupha Dr Saulos Chilima ndi anzawo, tinalira limodzi masiku awiri, tsiku lachitatu anthu anayamba kulozana zala potengera zigawo zochokera. Zomwezo zinabweranso pa chisankho cha pa 16 September 2025. Anthu amene anatukwanizana sabata imeneyo ndi omwewo amene amayenera kusonkherana mmodzi akagona mu mochale.

Pano pali Asilamu ambiri a ku Mayfair, Fordsburg ndi Lenasia, pali a CCAP, Akatolika, a Seventh Day, a mipingo ya pentekosite, ndi ena osapemphera. Aliyense atati aziika ulaliki wake m'mawa uliwonse, tibwerera ku nkhani ya mnyamata wa ku Tembisa ija. Kulengeza za mwambo wa mapemphero, sadaka kapena Eid n'kololedwa. Mauthenga a "tumizani kwa anthu 10 mudalitsidwe" ayi.

Mpira uli ndi gulupu yake. Flames ikapambana timatsinzina diso limodzi, ndipo kunena zoona lamuloli silitivutitsa kawirikawiri.

Ndingalembe m'Chitumbuka, Chiyao kapena Chitonga?

Lembani. Koma chilengezo cha maliro kapena chenjezo chikhalenso ndi mzere umodzi wa Chichewa kuti aliyense amve. Wonena kuti "lankhulani zomveka" kwa mnzake amalandira chenjezo.

Ine kulemba kumandivuta. Bwanji mumaletsa ma voice note?

Sitiletsa, timangoti asapitirire mphindi imodzi, ndipo muyambe ndi mutu wa nkhani. Ambiri pano amagwira ntchito m'nyumba za anthu kapena m'masitolo momwe sungaike foni kukhutu. Uthenga wolembedwa munthu amauba ndi diso limodzi akupukuta tebulo, koma wa mawu wa mphindi 7, woyamba ndi kulonjera aliyense ndi kufotokoza za chimfine, amausunga kuti adzamvera madzulo, ndipo madzulo amaiwala. Amayi ndi abambo athu amene kulemba kumawavutadi, tumizani mawu anu kwa admin aliyense, tidzakulemberani popanda kukuchititsani manyazi.

Kodi ma admin mumaona zomwe timalemberana kumbali?

Ayi. Kuyambira mu 2016 mauthenga a pa WhatsApp amamangidwa mwakuti owerenga ndi wotumiza ndi wolandira okha. Koma pa gulupu olandirawo ndi anthu mazanamazana, ndipo aliyense angathe kujambula zomwe mwalemba n'kuzipititsa kwa bwana wanu, kwa apongozi, kapena kupolisi. Munthu akamakuvutitsani kumbali atatenga nambala yanu pano, tiuzeni ndi umboni, timamuchotsa. Mukhozanso kumunenera kwa eni WhatsApp, ndipo mukatero mauthenga ake asanu omaliza amapita kwa iwo.

Zilango zimayenda bwanji? Ena timaona ngati mumakondera.

Koyamba chenjezo la kumbali. Kachiwiri chenjezo la pagulu. Kachitatu mumatuluka sabata imodzi. Mukabwerera n'kuyambiranso, mwatuluka mpaka kalekale. Kuchotsa munthu kumafuna ma admin atatu agwirizane, ndipo admin saweruza nawo nkhani ya m'bale wake kapena ya munthu wa kumudzi kwawo. Kuchotsedwa pa gulupu sikufafaniza dzina lanu m'buku la zosonkha za maliro, zimenezo n'zosiyana.

Za kukondera, awa ndi maganizo anga: kudandaulaku kuli ndi pake. Pali akuluakulu ena amene anayambitsa nawo gulupu ino, amene amasonkha kuposa tonse, ndipo akadutsa malire timazengereza. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Bambo wina wotero anatumiza mauthenga 11 tsiku limodzi ndipo tonse asanu tinangoyang'ana kumbali, pamene sabata yomweyo tinali titachenjeza mtsikana wongofika kumene chifukwa cha mauthenga anayi. Mtsikanayo anatifunsa, ndipo tinasowa choyankha. Kuchokera pamenepo wochenjeza akuluakulu ndi dalaivala wa lole uja, poti ndi wamkulu mnzawo ndipo amatha kuwauza mawu olimba akuseka. Mukaona tikukonderanso, tiuzeni, mutchule tsiku ndi uthenga wake.

M'bale wanga wapempha kulowa koma simukumulola.

Gulupu ya WhatsApp imathera pa anthu 1,024 ndipo ife tili pafupi. Timalola okhala kuno okha, ndipo pakhale membala mmodzi womuchitira umboni. Nambala ya +265 timailola kwa mwezi umodzi kwa munthu wongofika kumene, kenako asinthe. Amene munabwerera kumudzi kokhazikika, chonde perekani malo kwa ena. Masiku ano munthu akatuluka WhatsApp imadziwitsa ma admin okha, palibe amene adzakufunseni kuti mwakwiya chiyani.

Ndingakhale bwanji admin?

Mukhale mutatha chaka pa gulupu opanda chenjezo, ndipo mamembala awiri osakhala abale anu akuvomerezeni. Pakali pano tikusowa mayi wodziwa bwino Chiyao, komanso munthu wina wogwira ntchito usiku woti azilandizana ndi mlonda wathu, chifukwa iye akapita kutchuthi mu December foni ya usiku imakhala yopanda woyankha. Foni yanu ikhale ndi malo okwanira, poti zonse zomwe timafufuta zimayamba zalowa mwa ife. Amene mwakonzeka lankhulani ndi atelala Loweruka likubwerali, amakhala pa makina mpaka 4 koloko.